Ndondomeko yoteteza zamoyo isalumphe nkhalango za kumudzi

Dziko la Mozambique lili ndi ndondomeko yoteteza zomera, nyama, nsomba ndi tizilombo, yomwe inakonzedwa kuti igwire ntchito kuyambira 2015 mpaka 2035. Mu Disembala 2022 mayiko omwe ali m'pangano la United Nations loteteza zamoyo zosiyanasiyana anakumana ku Montreal nagwirizana kuti pofika 2030 magawo 30 pa 100 alionse a mtunda ndi madzi akhale otetezedwa, ndipo dziko lililonse linapemphedwa kuunikanso ndondomeko yake. Monga mwana wa m'boma la Angónia m'chigawo cha Tete, nkhawa yanga ndi yakuti ntchito yotere imayang'ana kwambiri malo osungirako nyama zakutchire, pamene zamoyo zambiri zomwe zikutha m'chigawo cha Tete zili kuseri kwa nyumba zathu.

Sindikuchepetsa malo otetezedwawo. Paki ya Mágoè, yomwe inakhazikitsidwa mu 2013 kumwera kwa nyanja ya Cahora Bassa, ndi yofunika kwa njovu ndi nkhalango za tsanya. Komanso ndi m'boma lomwelo la Mágoè, ku Bawa, kumene mu 1994 kunayambira ntchito ya Tchuma Tchato, yomwe inaonetsa kuti anthu amaleka kutchera misampha akaona kuti gawo la ndalama zolipidwa ndi alenje ochokera kunja likufika m'mudzi mwawo. Lamulo la mu 2005 linalamula kuti magawo 20 pa 100 alionse a ndalama zomwe boma limatolera pa mitengo ndi nyama azibwerera kwa eni dera. Ndondomeko yabwino iyenera kunena momveka kuti ndalamazo zizifika liti, zizisungidwa ndi ndani, ndiponso kuti mlimi amene munda wake wadyedwa ndi njovu usiku umodzi azithandizidwa bwanji, chifukwa munthu wopanda chimanga m'nkhokwe sangamve uthenga wosamala njovu.

Koma tiyeni tikwere kumapiri a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde. Kuno chaka ndi chaka alimi a fodya amafuna mitengo ya mphanda ndi milimo ya zigafa, owotcha makala amagwetsa mombo ndi tsamba, ndipo moto wa osaka mbewa umapsereza mphukira m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala udzu utauma kotheratu. Chotayika si mtengo wokha. Bowa wa manyame ndi ndelema amamera modalira mizu ya mitengo yachilengedweyi, motero nkhalango ikasanduka munda wa bulugamu, ngakhale patali pakuoneka pobiriwira, amayi amabwerako ndi lichero lopanda kanthu. Masuku, mphalabungu, uchi ndi mizu ya mankhwala zimapita limodzi ndi nkhalangoyo. Nawo madambo, amene kale ankasunga madzi mpaka mvula yoyamba, akulimidwa kufikira m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje chifukwa cha madimba a mbatata ya kachewere ndi kabichi, ndipo zitsime zikuphwa msanga. Ndondomeko imene ingawerenge bulugamu ndi paini ngati nkhalango yobwezeretsedwa idzakhala ndi manambala okongola koma osanena zoona.

Aliyense woyenda m'midzi yathu amadziwa kumene mitengo ikuluikulu yatsala. Yatsala kumanda. Pakati pa minda yoyera mbee pamaoneka kachitsamba kothithikana, ka mikuyu, mibawa ndi zilambe zolendewera, kumene mbalame zimalira mosiyana ndi kwina konse, ndipo palibe amene angalowemo ndi nkhwangwa popanda chilolezo cha mfumu. Malo amenewa sanasungidwe ndi msilikali wa mfuti, koma ndi ulemu wa pa makolo ndi mwambo wa Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005. Ndimaona kuti ndi kulakwitsa kwakukulu kulemba za chitetezo cha zamoyo m'dera la Achewa popanda kuika mafumu, anamkungwi ndi asing'anga pa mpando wa olemba nawo. Iwo ndiwo akudziwa mtengo umene unali pamtsinje uti ndi chaka chimene unasowa.

Nkhani ya mtengo wa nkula itichenjeze. Unadulidwa mwaunyinji m'chigawo chino n'kutumizidwa ku China, ndipo pomwe unkaikidwa mu 2019 pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zomwe zili pa chiopsezo cha kutha, mitengo yambiri yokhwima inali itakwera kale malole. Chitetezo chinabwera mochedwa chifukwa amene ankaona malolewo akudutsa analibe kokanena komwe mawu awo akanamveka.

Choncho pempho langa kwa okonza ndondomekoyi ndi lakuti misonkhano yofunsa maganizo isathere m'mahotela a mumzinda wa Tete ndi Maputo, koma ifike ku Ulongué m'boma la Angónia ndi ku Furancungo m'boma la Macanga, ichitike m'Chichewa ndi m'Chinyungwe, ndiponso m'nyengo yoti anthu akolola, osati pamene ali kalikiliki ndi kupalira. Mbewu zamakolo monga mawere, mapira, nzama ndi chimanga cha makolo zilembedwe ngati chuma choyenera kusungidwa, pakuti nazonso zikutha m'nkhokwe. Ndipo makomiti a m'midzi oyang'anira zachilengedwe apatsidwe mapu a malire a nkhalango zawo ndi mphamvu yoimitsa lole yonyamula zipika yopanda chikalata.