Mmene ndinasankhira chingwe chokokera kayaki pa nyanja ya Malawi

Nditayamba kupalasa kayaki (kabwato kakang'ono kopalasa ndi nkhafi) pakati pa Chembe ndi chilumba cha Domwe, ndinaona kuti mwera ukakuntha mwadzidzidzi, mnzako amene watopa sangafike kumtunda popanda kumukoka. Choncho ndinaganiza zodzipangira ndekha chingwe chokokera komanso china choponyera munthu amene wagwera m'madzi.

Ndinayamba ndi ndowa ya madzi. Ndinagula tizidutswa ta zingwe zamitundu itatu n'kutiponya m'ndowamo, popeza m'masitolo ambiri chingwe chilichonse chapulasitiki amangochitchula kuti nayiloni, ndipo dzina lokhalo silingakuuzeni zoona. Nayiloni weniweni ndi polyester zinamira, koma polypropylene inayandama chifukwa ndi yopepuka kuposa madzi. Nkhani inathera pomwepo, pakuti chingwe chomira chimakodwa m'miyala, ndiponso munthu amene akulimbana ndi mafunde sangagwire chinthu chimene sakuchiona. Nayiloni ndinamusiya monyinyirika, chifukwa amatanuka bwino ngakhale kuti amafookako akanyowa. Dyneema, womwe ndi mtundu wina wa chingwe, imayandama ndipo ndi yolimba kwambiri, koma ndi yokwera mtengo, komanso ndi yoterera moti mfundo zake zimatha kupulumuka.

Pa kunenepa kwa chingwe ndinalakwitsa. Ndinayamba ndi cha mamilimita 4 poganiza kuti chikwana m'kathumba kakang'ono, koma nditachikoka ndi manja onyowa chinandisiyira mzere wofiira pachikhatho umene unatenga masiku kuti upole. Ndinachisiya n'kugula cha mamilimita 6, chotalika mamita 15, kuti chikhale chokokera, popeza chingwe chachifupi chimachititsa kuti kayaki yam'mbuyo ikuwombe mafunde akaikankha. Choponyera ndinasankha cha mamilimita 8, chotalika mamita 20, choluka osati chopota, ndiponso chachikasu kuti chizioneka patali.

Poti polypropylene satanuka mofanana ndi nayiloni, ndinalumikiza kachingwe ka labala ku chingwe chokokera pafupi ndi m'chiuno kuti msana usamagwedezeke fundelo likakoka. Chingwe chokokeracho sindinachimange m'chiuno ndi mfundo ayi. Ndinachimangirira ku lamba amene amamasuka ndikangokoka kampira kamodzi, ndipo ndinayeserera kumumasula m'madzi osaya, maso ali chitsinzinire, mpaka dzanja linazolowera. Kumapeto kwina ndinaika ngowe yachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo ndinachepetsa mfundo mmene ndikanathera chifukwa mfundo iliyonse imafooketsa chingwe. Mpeni umakhala pa jekete yoyandamitsa, pamene dzanja lililonse lingafike.

Tsiku loyesa, mnzanga anakhala m'kayaki yake osapalasa, ine n'kumukoka. Chokokera chinagwira ntchito, koma choponyera chinapiringizana n'kugwera pafupi, chifukwa ndinali nditachikulunga mwadongosolo. Kuyambira pamenepo ndimachilowetsa m'thumba pang'onopang'ono osachikulunga, ndipo chimatuluka chonse bwinobwino. Ndikabwerako ndimachiyanika pamthunzi chifukwa dzuwa limawononga polypropylene msanga, ndipo ndisanatuluke ulendo uliwonse ndimachipapasa ndi zala kufufuza pamene ulusi wayamba kuthetheka.