Msana wa Chandralekha

Mtima wakhala pansi, nkhani ya magule a ku India ija yandilowa tsopano. Za araimandi (kaimidwe kopinda mawondo) ndi ma adavu (masitepe oyambira a gule wa Bharatanatyam) sindibwereza, tonse m'kalasi tikuzidziwa. Chinkandizunguza mutu n'chakuti m'manotsi mwathu zachikale zili kwaokha, zamakono kwaokha, ngati zinabadwa kosiyana.

Komatu gule wa Bharatanatyam amene timamutcha wachikaleyu anakonzedwanso m'zaka za m'ma 1930. Kale ankatchedwa sadir, ovina ake anali ma devadasi, akazi operekedwa kukatumikira milungu, m'makachisi ndi m'mabwalo a mafumu kum'mwera kwa India. Rukmini Devi Arundale, amene anakhazikitsa sukulu ya magule ya Kalakshetra ku Madras mu 1936, anasintha zovala, nyimbo zina zachikondi anazisiya, oimba anawakhazika pansi m'mbali mwa siteji. Mu 1947 lamulo la ku Madras linaletsa kupereka atsikana kukachisi. Guleyo anachoka m'manja mwa ma devadasi, nalowa m'mabanja apamwamba.

Apa m'pamene ndinamumvetsa Chandralekha, mayi wa ku India wopeka magule amakono. Potulutsa gule wake wotchedwa Angika mu 1985, kuphatikiza Bharatanatyam ndi yoga komanso kalaripayattu, luso la nkhondo la ku Kerala, ankatsutsana ndi zimene anthu anasankha zaka 50 zokha m'mbuyomo. Zibangili anachotsa, kumwetulira kosalekeza kuja anachotsa, nkhani ya namwali wodikira mulungu wake anaisiya. Kunatsala msana, mawondo ndi mpweya. Mu gule wake wina, Sharira wa 2001, muli ovina awiri basi, mwamuna ndi mkazi, akusuntha pang'onopang'ono mpaka woonera umayamba kumva msana wako.

Anzanga, njira ndi imodzi: tsegulani vidiyo ya magule ake, zimitsani mawu, penyani msana wokha. Nkhope ndi zala muzisiye kaye. Ine ndikuti njirayi imaposa buku lililonse, ndipo mudzaona nokha pamene yoga yalowa ndi pamene kalaripayattu watenga malo.

Chimandipweteka n'chakuti aphunzitsi athu anatha milungu akutiloweza mayina a magule 8 ndi zigawo zimene amachokera. Uday Shankar, mmodzi mwa oyambitsa magule amakono ku India, amene anavina ndi Anna Pavlova, katswiri wovina wa ku Russia, ku London mu 1923, anangomutchula podutsa belu litatsala pang'ono kulira. Mayeso ali pafupi, nthawi yobwerera kwa iye palibe.

Pali china sichikundigoneka. Balasaraswati, katswiri wovina Bharatanatyam wobadwira m'banja la ma devadasi, sanagwirizane ndi zoti gule wawo ankafunika kuyeretsedwa monga anachitira Rukmini Devi. Ndikamva zimenezi Rukmini Devi ndimamuona mwanjira ina. Nanga Chandralekha, potenga kalaripayattu kupita naye pa siteji, anachita zosiyana kwenikweni? Mtima ukuti inde, koma chifukwa chomveka choti ndingalembe pa mayeso sindinachipeze.