Zikomo nonse amene munaperekeza Adokotala

M'malo mwa amayi, azichemwali anga, amalume ndi mbumba yonse, ndikuthokoza anthu amene munaima nafe kuyambira pamene bambo athu, amene ku mpira munkawatchula kuti Adokotala, anagwa ndi sitiroko mpaka tsiku limene tinakawagoneka kwawo ku Chiradzulu. Kumanda amalume anayankhula ndithu, koma mukudziwa mmene zimakhalira: mfumu ili ndi mawu, mpingo uli ndi mawu, timu ili ndi mawu, dzuwa likupendeka, madalaivala a mabasi ayamba kale kuliza injini. Zambiri zinatsalira kukhosi. Maina sinditchula, chifukwa ndikayamba ndidumpha wina amene anachezera panja usiku wonse, ndiye ndimulakwira.

Ambiri munkawadziwa ngati bambo wa chikwama uja, wothamangira m'bwalo oyimbira akakodola. Ntchito yolimbitsa ziwalo sanaiyambire ku mpira ayi. Anaiyambira kwa ana olumala ndi poliyo, kuwaongola miyendo ndi kuwaphunzitsa kuyenda ndi ndodo. Ku mpira anakokedwa ndi mnzawo wina amene anawapempha kuti akamugwirire Loweruka limodzi, basi n'kukhaliratu. Masiku amenewo Super League inali isanakhwime, poti inayamba mu 1986, ndipo chithandizo cha wosewera wovulala m'matimu ambiri chinali ndowa ya madzi ndi siponji.

Ndiyambe ndi anamwino ndi madokotala a ku Gulupu. Bambo anali wodwala wovuta, tisabise. Munthu amene moyo wake wonse wakhala akuuza anzake kuti pinda bondo, tambasula, bwerezanso, sakanagona phee n'kumangomvera. Pakamwa patapotoka, mawu akutuluka movutikira, ankayesabe kulangiza mtsikana wa physiotherapy, wolimbitsa ziwalo mnzawo, kagwiridwe ka phewa lawo. Achemwali inu, munawapirira, ndipo ifenso munatiphunzitsa: kuwatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda, kusawakoka mkono wofookawo powadzutsa chifukwa phewa limaguluka, kuwakhazika tsonga powadyetsa kuti asatsamwe. Zikomo kwambiri. Apa ndionjezepo mawu amodzi kwa abambo anzawo a m'mipira. Malemuwa anali ndi BP, ndipo ngakhale ankayeza ena, mankhwala awo ankamwa modumphadumpha. Kayezetseni, ndipo mukapatsidwa mankhwala muzimwa.

Anthu amene ndikusowa nawo mawu ndi inu osewera akale. Titatuluka m'chipatala tinali ndi nkhawa kuti tiwalimbitsa bwanji kunyumba, popeza wodziwa ntchitoyo ndi amene anali chigonere. Sitinaitane munthu. Tinangoona goloboyi wakale, amene pano amayendetsa minibasi, wafika m'mamawa asanapite pa siteji. Mawa lake kunabwera wotchinga kumbuyo wina amene pano ndi mlonda, atangoweruka, maso ali psuu ndi tulo. Wina amagulitsa kaunjika ku Limbe, ankasiya mkazi wake pa benchi n'kukwera kubwera ku Chilomoni. Munagawana masiku nokha. Chimene chinatidabwitsa n'chakuti palibe amene anafunsa chochita. Manja anu ankadziwa kale, chifukwa zonsezo zinachitidwapo pa matupi anu: kuongola zala chimodzichimodzi, kupinda chigongono, kudzuka pa mpando n'kukhalanso, kuponda ndi chidendene. Ngakhale kawerengedwe kanali kawo komwe kaja, kofika pa teni n'kubwerera pa seveni mwadala kuti munthu aonjezere zitatu. Tsiku limene munawabwezera chinyengo chimenechi anaseka mpaka misozi, kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope.

Munadzala mitengo iwiri ya bulugama kuseri kwa nyumba kuti azigwirira poyenda. Anayenda. Anafika mpaka pa geti, n'kuima pamenepo akupatsa moni anthu odutsa. Sitiroko yachiwiri ndi imene inawatenga, koma miyezi imeneyo anakhala ngati munthu, akudzipitira okha kubafa, ndipo zimenezo munatipatsa ndinu.

Usiku wa maliro, titazungulira moto, ndinamva nkhani zimene kunyumba sankanena. Ife ana tinkangodziwa kuti Loweruka ndi Lamlungu bambo kulibe, ndi kuti zovala zawo zimanunkha Deep Heat ngakhale zitachapidwa. Ndinkaganiza kuti mumawakonda chifukwa ankakuchiritsani msanga. Koma nkhani zanu zonse zinali za tsiku limene anakukanizani kusewera.

Imodzi ndinkaidziwa, koma mbali yake yoipa yokha. Anali masewero a chikho pa Kamuzu Stadium. Womwetsa zigoli wathu anawombana mitu ndi mnzake, anagwa, anadzuka, n'kunena kuti ali bwino. Bambo anamufunsa kuti tili pa bwalo liti. Anayankha kuti pa Civo. Pomwepo anakodola benchi kuti alowe wina. Kochi analusa, mnyamatayo analira, timu inagonja. Madzulo ake gulu la masapota linafika kunyumba likukuwa kuti Adokotala agulidwa, ndipo zenera la pabalaza linasweka ife tili pansi pa tebulo. Mnyamata uja lero ndi bambo wa ana akuluakulu. Pa moto paja anatiuza kuti usiku umenewo anasanza kangapo, ndipo mpaka lero sakumbukira chilichonse cha masewero amenewo. Ubongo ukagwedezeka, kugundanso mutu usanapole kukhoza kupha munthu kapena kumusiya wolumala. Bambo ankazidziwa zimenezi nthawi imene ambiri ankati mwamuna amathira madzi kumutu n'kubwerera m'bwalo.

Wina anafotokoza za bondo lake. Mtsempha wa mkati unaduka, ndipo bambo anamuuza kuti aiwale za mpira kwa miyezi isanu ndi inayi. Akuluakulu ena ankafuna jekeseni wopha ululu kuti asewereko masewero awiri otsiriza a ligi. Bambo anakana, ndipo kwa kanthawi anachotsedwa pa benchi. Mnyamatayo anawakwiyira chaka chathunthu, akuti anamudyera mwayi woitanidwa ku Flames. Ndi yemwe uja anasenza bokosi kutsogolo kudzanja lamanja, akuyenda bwinobwino pa chitunda chija.

Ndiye inu masapota, zikomo. Ena mwa amene munabwera ndi ng'oma ndi mbendera ndinakuzindikirani, munalipo usiku wa zenera uja. Sindikunena izi mokunyozani. Mmodzi wa inu anapita yekha kwa amayi pa siwa n'kugwada, ndipo zimene anakambirana ndi zawo. Munaimba kuyambira ku nyumba ya chisoni mpaka kumudzi, ndipo abusa atakupemphani kuti nyimbo za ku sitediyamu zithere pa msewu, munamvera. Amene amakudziwani Lamlungu masana akudziwa kuti chimenecho si chinthu chaching'ono.

Ndithokozenso anthu a kuno ku Chilomoni ndi madera ozungulira. Khonde lathu linali chipatala chosalembetsa. Ana a mpira wachikulunga, anyamata a mabonanza, atsikana a netiboli, ngakhale agogo oterereka pa mjigo, onse ankathera pamenepo. Nkhondo yaikulu ya bambo inali ya kuthowa. Munthu akabinya kakolo, kwathu kuno timathamangira madzi otentha ndi kansalu, kenako kutikita mwamphamvu, mwinanso kutema mphini. Iwo ankati masiku awiri oyambirira kutentha kumangoonjezera kutupa. Ankati ika ayisi wokulunga m'kansalu kwa mphindi 20, manga bandeji, kweza mwendo pa pilo, upume. Akakhudza fupa munthu n'kulumpha, kapena akaona kuti sangathe kuponda, sankachedwa naye, ankamutumiza kukajambulitsa kuti ngati n'kothyoka akamuike chikhakha. Ndalama sankalandira. Wobweretsa nthochi kapena nkhuku ankamulandira, koma ambiri ankabweretsa zikomo basi. Pa maliro munabwera ndi nkhuni, ufa, ndiwo, mipando ndi mapoto, mpaka tinasowa poika. Akuluakulu anati maliro n'kulirana, ife taziona ndi maso.

Ayisi ameneyo ankachokera mu firiji ya amayi, imene inagulidwa kuti azigulitsa mafirizesi. Theka la firijiyo linkadzaza ndi timapepala ta madzi a mawondo a anthu ena, ndipo magetsi akazima mkangano unali woti tipulumutse ziti. Amayi, pagulu pano ndikuthokozeni. Munachapa mabandeji a anthu osawadziwa, munaphikira anyamata amene ankagona pabalaza chifukwa kwawo kunali kutali ndi kokachita mafizo, ndipo munalera ife Loweruka ndi Lamlungu lililonse mwamuna wanu ali m'basi kupita ku Karonga kapena ku Dwangwa. Timu inkalemba dzina limodzi pa ndandanda wa ogwira ntchito, koma munali awiri.

Kwa matimu ena amene munatumiza nthumwi ndi nkhata za maluwa, zikomo. Ndinaona majezi amene pa bwalo sakhalirana pafupi atakhala pa benchi imodzi. Dokotala wa timu ina anatikumbutsa kuti wosewera akagwa moipa, bambo sankayang'ana mtundu wa jezi, ankangothamanga. Anakumbutsanso za ku Kalulu, ku Nchalo, mwezi wa Okutobala, kumene dzuwa limakhala ngati lakutsikira pa phewa. Bambo ankasungunula shuga masupuni ang'onoang'ono asanu ndi limodzi ndi mchere theka la supuni mu lita imodzi ya madzi, n'kumamwetsa anyamata asanayambe kumva ludzu, ndipo zigubu zikatsala ankapatsako a timu inayo. Chikwama chawonso chinavutika. Kangapo konse masapota a eni bwalo anachilanda pa geti poganiza kuti muli zitsamba, n'kuchikhuthula pansi. Ankapezamo mabandeji, sizasi, pulasitala, magolovesi ndi Baibulo laling'ono. Iwo ankangotola, n'kufunsa ngati pali wina amene akumva kupweteka penapake.

Pali chinthu chimodzi chimene chinkawasowetsa tulo, ndipo ndikuchipereka kwa inu oyendetsa mpira amene munayankhula bwino kumanda. Pa 26 Juni 2003 anaonera pa kanema Marc-Vivien Foé wa Cameroon akugwa yekha pakati pa bwalo ku Lyon, posewera ndi Colombia, n'kumwalira ndi vuto la mtima. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ligi isanayambe ankagoneka anyamata pa udzu n'kuwaphunzitsa kupopa pachifuwa: kudinikiza ka 30, kuuzira mpweya kawiri, osaleka mpaka thandizo lifike. Ankaletsa zolowetsa supuni kapena zala m'kamwa mwa munthu wokomoka poti wameza lilime. Ankati ngati akupuma, mugonekeni cham'mbali. Mu Juni 2021, Christian Eriksen wa Denmark atagwa ku Copenhagen n'kupulumuka chifukwa chopopedwa msanga ndi makina odzutsa mtima, bambo anaimbira foni pafupifupi aliyense amene anamuphunzitsapo. Nkhawa yawo inali pa mabwalo a m'maboma ndi maligi ang'onoang'ono, kumene wovulala amanyamulidwa m'manja ndipo chipatala chili kutali. Ngati mukufuna kuwakumbukira, ife sitikupempha chikho cha dzina lawo. Phunzitsani munthu mmodzi pa timu iliyonse chithandizo choyamba, ndipo masewero asayambe popanda machira ndi galimoto yoima pafupi.

Akuluakulu a timu, munagula bokosi, munapereka basi, ndipo munabwera nokha osangotuma. Tathokoza. Nkhani ya ndalama zawo zimene zinatsalira munailonjeza pamaso pa amfumu, choncho sindiibwereza pano. Amalume akudikira foni yanu.

Adzukulu a kumudzi, munakumba pa nthaka ya miyala osadandaula. Amayi a Mvano ndi a kwaya, munachezera nafe mpaka mbandakucha. Amfumu, munatilandira ngati sitinachokepo. Abale ndi osewera akale amene muli ku Johannesburg, ku Cape Town, ku Maputo ndi ku UK, chipepeso chanu chinafika, ndipo amene munatumiza pa Airtel Money ndi pa Mpamba osalemba dzina, achemwali anga akuyesabe kukuimbirani mmodzimmodzi. Achinyamata amene munaphunzira physiotherapy ku College of Medicine, pano KUHeS, ndipo munkabwera kudzaima nawo pa tireningi, dziwani kuti ankakunyadirani. Ankati mwabwera ndi mabuku amene iwo sanawaonepo, ndipo madzulo ankakhala pakhonde akuwerenga zimene mwawabwereka.

Zotsala ndi ziwiri. M'kabati mwawo tapeza makope ambiri momwe ankalemba kuvulala kwa wosewera aliyense, tsiku, mwendo wake ndi chithandizo chimene anapereka. Zimenezi ndi zinsinsi za matupi anu, sitizionetsa kwa munthu wina. Wofuna masamba ake abwere adzatenge kwa amayi, makamaka inu amene mawondo ayamba kukuvutitsani ndipo madokotala akufunsa mbiri yake.

Chachiwiri ndi ndodo zoyendera. Kope lomaliza likuonetsa kuti zambiri zili m'manja mwa anthu, pamodzi ndi njinga imodzi ya olumala imene inapita ku Ndirande. Amene mukuzigwiritsabe ntchito, pitirizani mpaka muchire. Amene munachira kale n'kuziika kuseri kwa chitseko, musabweretse kunyumba kuno. Kaperekeni kwa mnyamata amene watenga chikwama ku timu, chifukwa ligi ili mkati ndipo ali kale ndi anyamata awiri amene akuzifuna. Za tsiku la chiliza tidzakudziwitsani abale akagwirizana.