Lero ku kiliniki homuweki apatsa ine

Lero linali tsiku lopita ndi mwana wa achemwali anga ku chipatala ku boma, kwa anesi oona za matenda a maganizo. Kwa amene nkhaniyi simukuidziwa, mtsikanayu ali Fomu 3, ndikukhala naye ine kuchokera pomwe mayi ake anatisiya ndi kolera kumayambiriro kwa 2023, nthawi ija Mangochi inali pakati pa maboma omwe anavutika kwambiri. Masiku amenewo aliyense amasamba m'manja, khomo lililonse chigubu cha madzi a kolorini panja, nde palibe anadabwa naye. Kolera inapita, ife tinabwerera ku zathu, iye sanasiye. Sopo wochapira uja kutha masiku ochepa, manja kung'ambika m'zala mpaka magazi. Kenako zinasamukira ku udhu, kusamba kuja timasamba Asilamu tisanapemphere, amayamba bwinobwino, akafika ku mapazi akuti kaya chigongono ndinatsuka bwino, kuyambiranso, mpaka nthawi ya swala kudutsa iye ali pa mpopi akulira.

Tinakwera kabaza, kuwoloka pa mlatho wa Bakili Muluzi dzuwa lisanalimbe, koma paja kuno ikangokwana 8 thukuta layamba kale. Njira yonse manja anawabisa m'chitenje kuopa kugwira jekete la wa kabaza.

Pa benchi tinapeza bambo wina, msodzi wa ku Makanjira, wolongolola ngati ine. Anangoyamba okha kufotokoza zoti boti lawo linagubuduzika ndi mwera usiku, anzawo ena sanapulumuke, ndipo kuchokera pamenepo tulo palibe, mphepo ikangowomba pa malata mtima umathamanga ngati ali m'madzi muja. Anayamba aganiza kuti ndi BP, kuyezetsa kangapo, BP ili bwino. Akuti kuno amawafotokozetsa nkhani ya usiku umenewo pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, mpaka tsopano akutha kuima pa doko kuthandiza kukoka makoka ngakhale kukwera boti sanayambe. Bambo wamkulu ndithu wandevu, kuyankhula zimenezi pagulu opanda manyazi, ine ndinawalemekeza. Amuna athu ambiri akanangoti ndi za chizimayi n'kupita kukakhala pa bawo.

Titalowa anesi anabwerezanso zomwe anatiuza ulendo wathawu, kuti matendawa dzina lake ndi OCD ndipo kawirikawiri amayamba munthu ali wachinyamata. Ganizo loipa limabwera lokha, munthu sakulifuna, mwina akudziwanso kuti ndi lopanda nzeru, koma mantha ake ndi enieni. Nde amachita kanthu kuti mantha atsike, kaya kusamba, kaya kubwerera kukaona ngati chitseko chatsekedwa, mtima umakhala pansi kanthawi, kenako ganizo lija kubwera ndi mphamvu kuposa kale. Chithandizo chake amati ERP, kumukumanitsa munthu ndi chomwe amaopa koma osachita kanthu kotsitsa mantha kaja, mtundu wina wa CBT, chithandizo chosintha kaganizidwe ndi kachitidwe ka munthu, ndipo kunena zoona ukamaonera chimaoneka ngati nkhanza.

Anesi anamuuza mtsikanayu kuti agwire chogwirira chitseko cha chipinda momwemo, chija wagwira aliyense wodwala m'mawa onse. Anaima kaye nthawi yaitali, n'kuchikhudza ndi nsonga za zala. Anesi akuti ayi mwanawe, chikhatho chonse. Anagwira. Kenako kukhala pa mpando, manja pa maondo, sinki ili pompo pakona koma osapitapo. Ndimaona zala zikunjenjemera, wazitambasula ngati zapakidwa matope, thukuta likutsika m'khosi, maso ali pa sinki basi. Anesi anamufunsa kuti mantha ali pati kuyambira 0 mpaka 10, iye akuti 9. Iwo osamutonthoza olo pang'ono, anangoyamba kucheza naye za kusukulu, za aphunzitsi a Biology, kenako kufunsanso, akuti 8. Ine apa ndikufuna kudzuka ndimutengere madzi, anesi kungondiyang'ana kamodzi ndinakhala pansi. Patapita nthawi ndithu anati 5, ndipo anaoneka wodabwa yekha. Cholinga chake n'chimenecho eti, kuti thupi liphunzire kuti mantha amatha kupiririka, amatsika okha osasamba, ndipo kolera sinabwere.

Nde anatembenukira kwa ine. Anandifunsa kuti akakufunsani kuti anti manja angawa ayera, mumati chani. Ndinati ndimati ayera mwananga, nanga ndinene chani mwana wamasiye akulira. Iwo akuti yankho limenelo lili ngati kukanda mphere, pokanda pamakoma koma chilonda chikukula. Kuyambira lero ndizingoti funso limenelo tinagwirizana kuti sindiyankha, koma ndili nawe pompano. Komanso osamukalipira kuti ingosiya, osabisa sopo, osamuseka pamaso pa ana anzake. Ine ndimaganiza kuti wabwera kudzachiritsidwa ndi iye, kumeneko ntchito yanga ndi thiransipoti basi.

Za mankhwala anati tipitirize fluoxetine, kam'bulu kamodzi m'mawa, ndipo tisadabwe kuti sakuoneka kusintha msanga chifukwa pa OCD amatha kutenga miyezi iwiri mpaka itatu, osasiya tokha akangoyamba kupeza bwino. Anandichenjezanso kuti kwa achinyamata masabata oyamba ndizimuyang'anitsitsa, akayamba kuyankhula zodzipha kapena kusakhazikika kwachilendo tibwere tsiku lomwelo osadikira deti.

Kunyumba anthu agawanika. Amalume ake akuti mutengereni ku Zomba Mental, ngati kuti aliyense wovutika maganizo ngogonekedwa, pomwe mwanayu akupita ku sukulu ndipo masamu akukhoza kuposa ana awo. Wina anatchula chipatala cha St John of God, koma Lilongwe kapena Mzuzu ndi ndalama zanga izi zogulitsa kaunjika, aaa ayi. Anganga ake, agogo aakazi, amati ndi majini. Amene anandithandiza ndi ashehe athu, anamuitana n'kumuuza kuti pa udhu katatu n'kokwanira, kupyola apo si kupembedza, ndipo chikaiko chikabwera utamaliza usachimvere, pita ukaswali. Ndinawafotokozera anesi, anaseka, akuti ashehe amenewo tiwalembe ntchito.

Madzulo ano mayeso anga anafika. Ndaphika nsima ya usipa, wasamba kamodzi monga tinapangana, kenako waima pakhomo la khitchini manja m'mwamba, anti ayera? Ndinanena mawu aja monga anandiphunzitsira, lilime likulemera. Anafunsanso, ndinabwereza. Anakwiya zedi, akuti mayi anga akanakhalapo akanandiyankha, mawu amenewo anandilasa ndipo sindinama ndinalowa kuchipinda kanthawi. Potuluka ndinapeza wakhala pa mkeka akudya, ndi manja omwewo, ndinasangalala mpaka kumuwonjezera ndiwo.

Kenako kamwana kanga kakang'ono kandinong'oneza kuti ine nditalowa m'nyumba, anganga anamugwira manja, kuwatembenuza uku ndi uku, n'kuti ayera mbee mdzukulu wanga, idya. Nde ulendo wotsatira pa kabaza tikwera atatu, akamve okha kwa anesi, chifukwa ine ndikawauza akuti ndayamba mwano.