Mmene ndinasiyira mowa ndili ndi malita 38 mufiriji

Munthu wofulula mowa wake pakhomo ali ndi vuto limene wogula mabotolo alibe: sadziwa kuti amamwa wochuluka bwanji. Wogula uja m'mawa amaona mabotolo opanda kanthu ali ndandanda, ndipo thumba lake limamuuza zoona. Ife okhala ndi keg (thanki yachitsulo yosungiramo mowa) ndi mpope pafiriji timangotsegula, theka la tambula pano, theka lina pakapita kanthawi, n'kumati tikungolawa. N'chifukwa chake ntchito yanga yoyamba inali kuwerenga, mowa ndisanataye ngakhale dontho.

Ndinaika keg pa sikelo Lolemba m'mawa n'kulemba kulemera kwake m'kope, kenako Lolemba linalo ndinayezanso. Lita imodzi ya mowa imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, ndiye kuti makilogalamu amene achoka ndiwo malita amene mwamwa. Yanga inapepuka ndi makilogalamu 12. Mlungu woyezerawo musadzichepetsere, imwani monga mwa masiku onse, apo ayi mudzinamiza nokha. Muwerengerenso kamowa kamene mumakapungulira mu chubu cha hydrometer, chipangizo choyezera shuga amene ali mu mowa, chifukwa palibe wofulula amene amakataya mu sinki.

Kenako mphamvu ya mowawo. Tengani nambala ya hydrometer musanathire yisiti, muchotsepo ya pamene mowa wasiya kuwira, muchulukitse ndi 131.25. Wanga unayambira pa 1.060 n'kutsikira pa 1.012. Kusiyana kwake ndi 0.048, zimene zikupereka 6.3 peresenti. Kuti mupeze magalamu a alcohol weniweni, chulukitsani mamililita amene mwamwa ndi peresentiyo (6.3 peresenti muilembe 0.063), kenako ndi 0.789, chifukwa alcohol ndi wopepuka kuposa madzi. Tambula imodzi ya 500 ml ya mowa wotere ili ndi magalamu pafupifupi 25. Bungwe la World Health Organization limawerenga magalamu 10 ngati muyezo umodzi, ndiye kuti chimene ine ndinkachitcha "imodzi" chinali ziwiri ndi theka. Malita 12 aja anatuluka magalamu 596 pa mlungu, kapena kuti 85 pa tsiku. Malangizo a ku Britain a mu 2016 amati munthu asapyole mayuniti 14 pa mlungu, amene ndi magalamu 112. Ndinali nditapyola kasanu.

Nambala imeneyi ndiyo mupite nayo kwa dokotala, pamodzi ndi mayankho a mafunso 10 otchedwa AUDIT, amene bungwe la WHO lomwelo linakonza. Funso lililonse limakhala ndi mapointi kuyambira 0 mpaka 4, onse pamodzi 40. Mukapeza 8 kapena kuposerapo, kamwedwe kanu kayamba kukhala koopsa. Mukafika 20, n'kutheka kuti thupi layamba kudalira mowa. Funso limene muyankhe mosabisa ndi lija lofunsa ngati munafunapo kumwa m'mawa kuti thupi likhale m'malo.

Apa ndiye pamene anthu amalakwitsa, ndipo kulakwitsa kwake kumapha. Munthu wadzuka ndi matsire, mtima ukumutsutsa, watsanulira zonse m'ngalande n'kulumbira kuti basi. Ngati amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, wadziika pangozi. Mu ubongo muli timadzi tonyamula mauthenga. Alcohol amawonjezera mphamvu ya GABA, imene imakhazika pansi ubongo, ndipo amapondereza glutamate, imene imautakasa. Munthu akamamwa kwa miyezi ndi zaka, ubongo umadzikonza kuti uzigwirabe ntchito: umachepetsa mbali yokhazika pansi ija, n'kukweza yotakasa. Mowa ukachoka mwadzidzidzi, mbali yotakasa imatsala yokha popanda choigwira. Pakapita maola 6 mpaka 24 kuchokera pa tambula yomaliza, manja amayamba kunjenjemera, thukuta kamukamu, nseru, mtima kuthamanga, nkhawa yosadziwika kumene yachokera. M'masiku awiri oyambawo ena amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu. Pa tsiku lachiwiri mpaka lachinayi ndi pamene imabwera delirium tremens: munthu sadziwa kumene ali, amabwebweta, amaona zinthu zimene palibe, thupi limatentha. Imeneyi ndi ya kuchipatala pompo, osadikira kuti kuche.

Dokotala amafunsa zinthu zochepa koma zolunjika. Mumamwa magalamu angati pa tsiku? Munayesapo kusiya, ndipo chinachitika n'chiyani? Munagwapo ngati wakhunyu? Mukumwa mankhwala ogonetsa kapena opha ululu? Kunyumba kuli wokuyang'anirani? Funso lachiwirilo ndi lofunika chifukwa kusiya n'kuyambiranso kambirimbiri kumachititsa kuti kusiya kotsatira kukhale kowawa ndi koopsa kuposa koyamba. Amatenganso magazi kuti aone chiwindi, makamaka nambala zoonetsa thanzi lake zotchedwa GGT, ALT ndi AST, komanso kukula kwa maselo ofiira. Pemphani kuti akulembereni nambalazo. Mudzazifuna.

Akatha kumva zonsezi amasankha njira. Ena amagonekedwa m'chipatala. Ena amasiyira kunyumba ndi mankhwala a gulu la benzodiazepine, monga diazepam kapena chlordiazepoxide, amene amachepetsedwa pang'onopang'ono kwa masiku pafupifupi asanu mpaka asanu ndi awiri. Mankhwalawa saphatikizidwa ndi mowa, chifukwa awiriwa akakumana amatha kuimitsa kupuma. Ena amauzidwa kuti achepetse mowawo tsiku ndi tsiku. Pafupifupi onse amapatsidwa thiamine, amene ndi vitamini B1, chifukwa womwa kwambiri amakhala nayo yochepa, ndipo ikasowa ubongo umawonongeka mwa mtundu umene umatchedwa Wernicke.

Ine anandiika pa njira yochepetsa, ndipo chimene ndinaphunzirapo n'chakuti keg siyenera pa ntchito imeneyi. Mpope sudziwa malire. Gwiritsani ntchito mabotolo a mowa wopepuka umene peresenti yake yalembedwa pa chikalata, muwerenge a tsikulo m'mawa, otsalawo asunge munthu wina. Musamwe onse nthawi imodzi madzulo. Gawani mofanana m'tsiku monga dokotala wanenera. Idyani ngakhale chilakolako palibe, imwani madzi, ndipo galimoto musayendetse. Manja akamanjenjemera kwambiri kuposa dzulo, mwatsika mofulumira. Imbirani dokotala, musadziwonjezere nokha.

Tsopano zipangizo. Ndinaletsa kaye zonse zimene ndinaitanitsa, chimera, hops (maluwa amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo) ndi yisiti, chifukwa thumba la chimera likafika pakhomo mlungu wachiwiri limadzetsa maganizo akuti "zingawonongeke, ndingofulula komaliza". Mowa umene unali ukuwirabe m'chidebe ndiwo unayamba kutayidwa. Musautseke ndi chivindikiro cholimba poganiza kuti mudzapatsa wina: yisiti ikupitirizabe kutulutsa mpweya, ndipo chidebe chimatupa mpaka kuphulika.

Keg ili ndi ndondomeko yake. Tsekani valavu ya pa silinda ya CO2, mpweya umene umakankha mowa kuchoka mu keg. Chotsani paipi ya mpweya pa keg. Kokani kamphete ka pa chivindikiro, kamene kamatulutsa mpweya, mpaka kulira kwa "psss" kutatheratu, dikirani mphindi zingapo, mukokenso, popeza mowa wozizira umapitiriza kutulutsa mpweya umene unasungunukamo. Mukatero m'pamene mutsegule chivindikiro. Keg iliyonse mwa ziwiri zangazo inali ya malita 19, ndipo yodzaza imalemera makilogalamu oposa 20, choncho ipendekeni pang'onopang'ono pa ngalande, madzi akutuluka pa mpope, mawindo ali otsegula. Fungo la hops likadzaza m'chipinda, chibaba chimabwera ndi mphamvu imene simunaiyembekezere. Ntchito imeneyi agwire munthu wina ngati alipo, inu muli panja. Silinda ya CO2 musaitulutsire mpweya m'nyumba: mpweyawu ndi wolemera kuposa umene timapuma, umadikha pansi, ndipo ulibe fungo. Ibwezeni kumene mumadzazitsa.

Mabotolo amene munathiramo shuga kuti achite thovu aziziritseni usiku wonse musanatsegule, apo ayi amafwamphuka mpaka kudenga. Ngati munawatseka mowa usanamalize kuwira, valani magalasi ndi magolovesi, chifukwa botolo lotere limasweka m'manja. Hops, kaya wouma kaya wophika kale, musamutaye pamene galu angafike. Galu akadya hops thupi limatentha mopitirira muyezo ndipo amatha kufa.

Pa zogulitsa ndinalakwitsa poyamba. Ndinaganiza zogulitsa chimodzichimodzi kuti ndipezepo kangachepe: mphika lero, chigayo cha chimera mawa, firiji mwezi wamawa. Wogula aliyense ndi wofulula mnzanu, ndipo wofulula safika chimanjamanja. Amabwera ndi botolo kuti mumuuze ngati yisiti yake yachita bwino. Ndinasintha n'kupereka zonse kwa munthu mmodzi tsiku limodzi, pamtengo wotsika, katundu atamudikirira kale panja pa chitseko. Kope la maresipi linapita nawo limodzi. Matambula a mowa nawonso achoke. Dzanja limadziwa kulemera kwake.

Chovuta kuposa keg ndi anzanu a m'gulu lofulula. Anthu amenewa si oipa, ndipo ambiri mwa iwo amamwa mwaulemu. Koma chimene chimakulumikizani ndi mowa, nkhani iliyonse imayambira pa mowa n'kuthera pa mowa. Ndinawalembera mawu ochepa: "Ndasiya kumwa chifukwa cha thanzi langa, ndipo sindifululanso. Zikomo chifukwa cha zonse zimene mwandiphunzitsa. Amene akufuna tizionanabe, tizionana kumene kulibe mowa." Musanene kuti "ndapuma kaye". Mawu amenewo amasiya chitseko chotsegula, ndipo pakatha mwezi wina adzakufunsani ngati mwapuma mokwanira. Uthenga ukapita tulukani tsiku lomwelo, osakhala n'kumawerenga mayankho. Pafoni letsani mauthenga a ogulitsa zipangizo, ndipo pa Facebook ndi YouTube muuze makinawo kuti zotsatsa za mowa simukuzifuna, chifukwa kwa zaka akhala akuphunzira zimene mumakonda.

Anzanu adzakupatsani njira ziwiri zoti musachoke, zonse mwachikondi. Yoyamba ndi yakuti muzingoweruza pa mipikisano. Oweruza vinyo amalavula, koma oweruza mowa amameza, chifukwa kuwawa kwa hops ndi kakomedwe kotsalira zimamveka bwino mowa ukadutsa kukhosi. Timakapu ting'onoting'ono khumi tikaphatikizana ndi tambula yathunthu. Yachiwiri ndi yakuti muzifulula mowa wopanda mphamvu. Pakhomo simungatsimikize kuti uli pansi pa 0.5 peresenti, popeza hydrometer siona bwino kusiyana kochepa chotere. Kuutenthetsa pa madigiri 78, pamene alcohol amawira, sikumuchotsa yense. Mowa wofooka chonchi umalowedwanso mabakiteriya mosavuta. Ndipo chachikulu n'chakuti mphika, fungo ndi mpope zonse zimakhala zabwerera m'nyumba. Pali amene mowa wa m'sitolo wopanda alcohol umawathandiza, ena umawadzutsira chibaba. Ine ndinaona kuti miyezi yoyamba si yoyesera zimenezo.

Tsiku lofulula limadya maola asanu kapena asanu ndi limodzi, kuyambira kutenthetsa madzi mpaka kutsuka mphika. Maola amenewo akatsala opanda kanthu amavuta kuposa madzulo a masiku a ntchito. Akonzereni chochita pasadakhale, cha manja, chofuna kuyeza ndi kudikira monga kufulula komwe, ndipo milungu yoyamba chikhale cha kunja kwa nyumba. Chibaba chikabwera, yang'anani wotchi. Chimakwera, chimafika pachimake, kenako chimatsika chokha, kawirikawiri theka la ola lisanathe. Idyani kanthu, tulukani muyende, imbirani munthu. Ndinkalemba m'kope lija nthawi imene chabwera ndi chimene chinachitika chisanabwere. Patatha milungu iwiri zinaonekeratu kuti njala ya cha m'ma 5 koloko madzulo ndiyo inkachiyambitsa kawirikawiri.

Tulo timavuta poyamba. Mowa umapondereza gawo la tulo limene munthu amalota, ndiye ukachoka maloto amabwera ambiri ndi oopsa, ena olota mukumwa n'kudzuka mtima uli phaphapha. Zimatenga milungu kuti zikhazikike. Zotsekemera mudzazifuna kwambiri; musalimbane nazo mwezi woyamba.

Mowa ukatheratu m'thupi, funsani dokotala za mankhwala othandiza kuti musabwerere. Naltrexone amachepetsa kukoma kumene ubongo umamva munthu akamwa, koma sayenera kwa amene akumwa mankhwala opha ululu a gulu la opioid, ndipo chiwindi chiyenera kuyezedwa kaye. Acamprosate amathandiza kukhazika pansi glutamate uja, amamwedwa katatu pa tsiku, ndipo amafuna impso zabwino. Disulfiram amatseka njira imene thupi limaphwanyira acetaldehyde, poizoni amene amapangika thupi likamagaya alcohol, moti munthu akamwa ngakhale pang'ono nkhope imafiira, amasanza, mtima n'kumathamanga; ameneyu amagwira bwino ngati pali wina woonetsetsa kuti mwamwadi piritsi. Magulu othandizana aliponso: Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, Ohio, ku America, ndi SMART Recovery, la mu 1994, limene silitsamira pa zauzimu. Pitani kangapo musanaweruze, chifukwa misonkhano ya gulu limodzi lomwelo imasiyana kutengera anthu amene alipo.

Mukaterereka n'kumwa, kumbukirani kuti thupi silipiriranso mlingo wakale. Magalamu 85 amene kale ankangokuwodzeretsani, patatha miyezi iwiri osamwa angakugwetseni. Ngati lakhala tsiku limodzi, lembani m'kope chimene chinayambitsa, uzani munthu mmodzi tsiku lomwelo, mupitirize. Ngati mwamwa kwambiri masiku angapo otsatizana, musadule mwadzidzidzi. Bwererani kwa dokotala ndi nambala zatsopano, chifukwa kusiya kwachiwiri kumatha kuvuta kuposa koyamba kuja. Pakatha miyezi itatu kayezetseninso magazi, mutenge pepala loyamba lija, muike GGT yakale pambali pa yatsopano.