Mmene tinaikira magetsi a sola panyumba pathu ku Lunzu

Nyumba yathu ili kuseri kwa Lunzu, kutali ndithu ndi pomwe mapolo a ESCOM amathera. Kwa zaka zambiri tinkaunikira makandulo ndi matochi, ndipo sitinali tokha: kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba zoposa theka m'dziko muno zinkadalira matochi a mabatire, pamene zounikira magetsi zinali pafupifupi 11 pa 100 zilizonse. Ndalama za mabatire zinkandiwawa, koma chinkandiwawa kwambiri ndi kumene mabatirewo ankathera. Akatha tinkangowaponya kudzala, ana n'kumawatola kuseweretsa, mvula n'kumawasungunulira m'nthaka yomweyo imene timalimamo ndiwo. Mtima wodikira mapolo unanditheratu mu Januwale 2022, namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Achibale athu a ku Ndirande, okhala ndi mita pakhoma, ankagona mumdima wofanana ndi wathu.

Ntchito ya sola imayambira pa pepala, musanapondeko kusitolo. Ine ndi mayi a kunyumba tinalemba chilichonse chimene tinkafuna kuti chiziyaka, mawati ake, ndi maola amene chiziyaka patsiku. Mawatiwo amalembedwa kumbuyo kwa chipangizo kapena pa chaja chake. Mphamvu ya patsiku mumaipeza pochulukitsa mawati ndi maola: mababu a LED asanu a mawati 5, oyaka maola asanu, amadya 125. TV ya mawati 40 kwa maola anayi imadya 160. Mafoni anayi tinawapatsa 40, wailesi 25, laputopu 100. Zonse pamodzi zinakwana 450 patsiku. Pamenepo mumawonjezera ina chifukwa mphamvu ina imatayikira m'mawaya, mu inveta (kachipangizo kosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a ESCOM) ndi mubatire momwe, choncho tinangoti 600.

Mayi anafunsa za ayironi ndi ketulo. Zimenezo tinazichotsa pomwepo. Ketulo imodzi imakoka mawati 1,500 kapena 2,000, kuposa zonse za pa pepala lija zitayatsidwa nthawi imodzi. Wogulitsa amene angakuuzeni kuti kasola ka panyumba kangaphikitse nyemba pa hotipuleti, muthaweni.

Nambala ya 600 ija ndi imene imasankha batire. Panelo ndi munda, batire ndiye nkhokwe, ndipo usiku mumadya zokhazo zimene zalowa m'nkhokwe. Batire la 12V 100Ah limasunga pafupifupi 1,200 (12 kuchulukitsa ndi 100), koma ngati lili la mtovu simuyenera kulitapa kupyola theka. Mukamaligwetsa pansi usiku uliwonse limafooka msanga, n'kufa lisanakwanitse ndi chaka chomwe. Theka la 1,200 ndi 600, ndiye kuti batire limenelo linatikwanira ndendende. Alipo mabatire a lithium amene mungathe kuwatapa kwambiri ndipo amakhalitsa, koma mtengo wake unali wotilaka, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chimene ndinakana ndi batire la galimoto, ngakhale linali lotchipa. Limenelo analipangira kulizitsa injini kwa kamphindi kenako n'kudzaza pomwepo, kuyatsa nyumba usiku wonse si ntchito yake. Funsani la deep cycle, lopangidwira kutapidwa pang'onopang'ono kwa maola ambiri, ndipo muone tsiku limene linapangidwa, poti batire lokhalitsa pashelefu limakalamba lisanagwire ntchito.

Panelo tinasankha ya mawati 200. Kuno kwathu dzuwa lamphamvu limakhalapo maola pafupifupi asanu patsiku, ndiye pa pepala imapereka 1,000, koma chenicheni chofika mubatire chimakhala cha m'ma 700. Wina akhoza kunena kuti ya 150 ikanakwana. Ikanakwana mu Okutobala. Ife a chigawo cha kummwera timadziwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi, pamene mitambo imatsika n'kukhala masiku angapo dzuwa osaoneka, ndipo panelo imayenera kugulidwa poganizira masiku amenewo.

Kusitolo ndinapita ndi mmisiri wa magetsi, pakuti safunsa anadya phula. Msika wadzaza ndi mapanelo olembedwa mawati akuluakulu pamene thupi lake ndi laling'ono. Mmisiriyo anapempha kuti panelo aitulutse panja padzuwa, n'kuikapo mita yake. Panelo ya batire la 12V ikakhala yosalumikizidwa imayenera kuonetsa mavolti 21 kapena 22, ndipo anayezanso ma ampu n'kufananiza ndi zolembedwa pa sitika ya kumbuyo. Yoyamba imene anatipatsa inapereka theka lokha la zimene sitika inkanena.

"Achimwene, imeneyi n'chithunzi chabe," anatero mmisiri uja. "Tiyeni tione ina."

Wogulitsayo sanakondwe, koma anatulutsa ina, ndipo imeneyo inagwirizana ndi sitika yake. Ndinaumirira lisiti yolembapo nambala ya panelo ndi ya batire, komanso miyezi ya galanti. Tinagulanso kontorola ya ma ampu 20, imene ena amaitcha legyuleta ndipo imateteza batire kuti lisadzaze mopyola muyeso, fyuzi, inveta yaing'ono ya mawati 300, ndi waya wonenepa wa mkuwa weniweni. Waya woonda pa 12V amatentha ndipo amadya mphamvu panjira. Mmisiri anasenda kansonga ka waya n'kukanda ndi mpeni, chifukwa wina amakhala wa aluminiyamu wongopakidwa mtundu wa mkuwa pamwamba.

Padenga panelo imayang'ana kumpoto, popeza ife tili kummwera kwa ikweta ndipo dzuwa la miyezi yozizira limadutsira kumpoto kwathu. Tinaipendeketsa madigiri pafupifupi 15, zimenenso zimathandiza kuti mvula izitsuka fumbi. Mmisiri anaikweza pa felemu yachitsulo kuti pakati pa iyo ndi malata pazidutsa mphepo, poti panelo ikatentha kwambiri imapereka mphamvu yochepa. Panali nthambi ya mango imene inkaponya mthunzi pakona imodzi cha m'ma 2 koloko masana. Ine ndinkaona ngati n'zazing'ono, koma iye anandionetsa pa mita mmene kamthunzi ka pakona kamagwetsera panelo yonse. Mtengowo sitinaudule. Tinasuntha felemu, n'kuimanga ndi mabawuti otulukira mkati mwa nyumba kuti akuba asamasule ali panja.

Polumikiza pali ndondomeko yosafunika kuisokoneza. Choyamba ndi batire kupita ku kontorola, fyuzi ili pa waya wofiira pafupi penipeni ndi batire. Kontorola ikayaka n'kuzindikira kuti ili pa 12V, m'pamene mumalumikiza panelo, kenako mababu. Pomasula mumayamba ndi panelo, batire pomaliza. Inveta imalumikizidwa ku batire mwachindunji ndi fyuzi yakeyake, osati pa mabowo a mababu a pa kontorola. Mababu tinaika a 12V kuti inveta iziyatsidwa pa TV ndi laputopu pokha, chifukwa ikangokhala yoyaka imadya mphamvu ngakhale palibe chimene mwalumikizako. Batire tinaliika pa thabwa, pamalo ozizira odutsa mpweya, kutali ndi mbaula ndiponso kosafikira ana. Likamatchajidwa limatulutsa mpweya wotha kuyaka.

Kuyambira pamenepo ntchito yatsala ndi yosamala, ndipo imeneyi ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Mmawa uliwonse ndisanayatse kanthu ndimayang'ana nambala pa kontorola. Batire lodzaza likapumula limaonetsa cha m'ma 12.7, ndipo likafika pa 12.1 ndiye kuti latsala theka. Nyengo ya chiperoni ikafika pamenepo, TV imapuma kuti ana apeze kuwala kowerengera. Anawo poyamba ankanyinyirika, koma pano amathamangira okha kukaona nambala. M'chilimwe, fumbi la mu Seputembala ndi Okutobala likachuluka, ndimapukuta panelo ndi nsalu yofewa yonyowa m'mamawa galasi lisanatenthe. Ngati batire lanu ndi la zotsekera pamwamba, muzithiramo madzi a batire ogula, osati a pamjigo.

Dziko nalonso likulowera komweku. Ku Salima kuli malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 60 amene anayamba mu 2021, ndipo ku Golomoti m'boma la Dedza kuli ena a mamegawati 20 okhala ndi mabatire ake. Koma sola ya panyumba siimaliza nkhani ya chilengedwe. Kuphika tikuphikirabe nkhuni ndi makala, ndipo mitengo ikatha m'mapiri, dothi limakokolokera mu Shire n'kukatseka makina opangira magetsi a ku Nkula ndi Tedzani. Ndalama zimene zinkapita ku makandulo tinayamba ndi kugulira chitetezo mbaula, ndipo mtolo wa nkhuni ukukhalitsa kuposa mmene unkachitira pa mafuwa.

Chotsala ndi tsiku limene batire lidzafe, chifukwa lidzafa ndithu pakapita zaka zingapo. Mkati mwake muli mtovu ndi asidi. Mtovu umawononga ubongo wa ana ngakhale utalowa m'thupi pang'ono pokha, ndipo ndaonapo anyamata akuswa mabatire ndi nkhwangwa kuseri kwa msika, asidi akuyenderera pansi pomwe nkhuku zikutola. Pogula lathu ndinafunsiratu ngati sitoloyo imalandira mabatire akale, ndipo anavomera kuti adzalitenga n'kutichotserako mtengo pa latsopano. Zimenezo ndinawalembetsa kumbuyo kwa lisiti. Inunso funsani funso limeneli musanapereke ndalama, ndipo akakana, yesani sitolo ina.