Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Nyumba Imene Moto Sunkazima

Sabata yatha ndinalekezera pamene ndinachoka ku Dublin nditapeza ntchito yosamalira okalamba kumudzi wina ku County Clare, m'dziko lomwelo la Ireland. Agogo amene ndinkawasamalira anali atadutsa zaka 90. Miyendo inali itatha, koma pakamwa ayi.

Pamwamba pa chitseko chawo panali kamtanda koluka ndi udzu wa m'dambo, kakuda bii ndi utsi. "Mwanangu, pukuta paliponse koma ako kasiye," anatero. Ndi mtanda wa Brigid Woyera, mayi wachikhristu wakalekale amene anthu a ku Ireland amamulemekeza kwambiri. Amauluka usiku wa pa 31 Januwale, tsiku lake ndi 1 Febuluwale, ndipo amakhulupirira kuti umatchinjiriza nyumba ku moto. Kuyambira 2023 dziko la Ireland limapuma tsiku limodzi pokumbukira Brigid.

Mantha a motowa sanali opanda pake. Agogo anakulira m'nyumba ya denga la udzu, magetsi asanafike kumidzi, poti ntchito yowafikitsa inayamba mu 1946. Ankasonkha turf, dothi lakuda la m'dambo lomwe amadula ngati njerwa n'kuyanika. Usiku mayi awo ankakwirira makala ndi phulusa, m'mawa n'kungofukula. Moto ukazima, ankati tsoka lalowa.

Chimene chinandidabwitsa ndi cha pa 1 Meyi. Kwathu mwana amatumidwa kukapala moto kwa aneba tsiku lililonse, palibe amam'bweza. Kumeneko kale, tsiku limenelo ngakhale khala limodzi silinkatuluka m'nyumba, ankati wotenga moto watenganso mwayi wa mkaka ndi batala wa chaka chonse.

Ndiye anandisimbira za nyumba ina imene inapsa iwo ali mtsikana. Mwaye unayaka m'chumuni. Anathira mchere pamoto, anatseka ndi masaka onyowa, koma mphepo inali itaponya kale nthethe padenga. Abambo anakwera kukasasula udzu ndi mafoloko, amayi akupatsirana ndowa kuchokera pachitsime. Anapulumutsa ana ndi ng'ombe, basi. Kenako mphekesera: akuti mayi wa m'nyumbamo anapereka khala pa 1 Meyi. Za bambo amene sanasese chumuni zaka ndi zaka palibe anatchula. Ine ndinangoti, "Agogo, si mwaye umenewo?" Anaseka, nati mwaye unayatsa, inde, koma anautuma ndani?

Mchimwene wawo akuti analemba nkhaniyi m'kope la kusukulu, nthawi imene bungwe la Irish Folklore Commission linatuma ana kukafunsa akuluakulu za miyambo, pakati pa 1937 ndi 1939.

Gawo lotsatira ndikuuzani za maliro oyamba amene ndinakhalapo kumeneko, momwe anthu anachezera usiku wonse ndi tiyi ndi nthabwala, mtembo uli pompo.